Wani, Thuu, Fili pa Chingwe cha Amalume

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali munthu wokonda kuimitsa anthu. Ena amakonda mowa, ena mpira, ena akazi a eni. Iwo mtima wawo unkakhala m'malo akaona munthu amene amayenda bwinobwino waima chifukwa cha iwo. M'masiku a chipani chimodzi ankakhala pakhomo la msika atagwira chingwe, n'kumafunsa khadi la chipani kwa aliyense, ngakhale mayi woti wangobwera kudzagula mchere wa ndiwo za tsiku lomwelo. Ndiye zinthu zitasintha, mavoti ataponyedwa, makadi aja n'kusanduka zoyatsira moto, amalume anaonda. Sindikuwonjezera. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana anthu akudutsa popanda wowafunsa kanthu, ngati munthu amene mbuzi zikumudyera chimanga iye atamangidwa manja.

Chingwe chija sanataye. Anachikulunga bwinobwino n'kuchipachika kudenga.

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, ndipo anthu amene anathawira kuno ankabwerera kwawo pa mabasi ndi malole. Kwathu ku Domasi kunalibe kampu ya othawa nkhondo, koma ena anali atalowerera m'midzi kalekale, kugwira ganyu m'madimba a mpunga, kukwatira, kubatizitsa ana. Amenewa sanaone chifukwa chokwerera basi. Tsoka lake, ufulu umene tinavotera unabwera ndi alendo ake. Njinga zinayamba kusowa, mbuzi zinkatuluka m'khola popanda kulira, ndipo kunamveka mphekesera yoti kumalire mfuti ikusinthidwa ndi chitini cha chimanga. Wakuba akapanda kugwidwa, anthu ankagwirizana msanga kuti ndi wa ku Mozambique. Zinali zosavuta kusiyana ndi kukayikira mwana wa mnzako.

Amalume anatsitsa chingwe chija kudenga. Anasonkhanitsa anyamata osowa chochita, n'kuwapezera mawezulo ndi zibonga, ndipo tsiku la msika anakachimanga chopingasa pa kamlatho ka njira yotulukira kumsewu wa Zomba ndi Liwonde. Palibe anawatuma, palibenso anawaletsa. Iwo anadzitcha atcheyamani, koma anthu ankangoti gulu lonselo ndi a chingwe. Ntchito yawo, m'mawu a amalume, inali kuthandiza boma kupeza obwera. Mukumbukire kuti ife ndife Alomwe. Agogo awo a amalume omwewo anabwera wapansi kuchokera kutsidya, ku Mozambique komweko, atasenza mphika ndi mbewu ya kalongonda, ndipo amalume kalongonda ankamudya mpaka kunyambita zala. Ukawakumbutsa zimenezi ankayankha kuti amenewo anabwera malire asanakhwime.

Vuto linali limodzi: wobwera umamudziwa bwanji? Masiku amenewo munthu wa kumudzi analibe chiphaso chilichonse. Nkhope ndi zomwezi, khungu ndi lomweli, Chichewa amayankhula ngati ife, Chilomwe amatiposa. Amalume anaganiza mpaka anapeza nzeru imene anainyadira moyo wawo wonse. Munthu aziwerenga kuyambira wani mpaka teni, mofulumira, osapuma. Mmalawi weniweni amati wani, thuu, fili. Wa kutsidya lilime limamuterera, n'kugwera m'Chipwitikizi: umu, doishi, tireshi.

Poyamba tinkaseka. Tinasiya kuseka atagwira bambo wina woumba njerwa wa kutsidya kwa mtsinje. Ndinamva kwa amene analipo kuti anayenda bwinobwino mpaka faifi, kenako pakamwa panatuluka seishi. Anamumanga ndi chingwe chomwecho, kumuthira zibonga zingapo kuti akumbukire kwawo, n'kumuyendetsa mpaka kumsewu kukamusiya m'manja mwa aboma. Akuti anakwezedwa lole yopita kumalire. Anasiya mkazi wake, mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndi ana awiri, komanso uvuni wa njerwa wosawotcha umene mvula inadzausungunula.

Ine nkhani imeneyi inandilowa m'mafupa, chifukwa amuna anga anali wa komweko.

Anafika kwathu nkhondo ili pachimake, ali woonda, ndi buluku limodzi lomangira luzi. Anayamba ndi ganyu m'dimba la amayi, ndipo amayi ataona kuti munthuyu akagwira khasu sayang'ana dzuwa, anayamba kundituma ine kukamupatsira madzi akumwa kawirikawiri kuposa mmene ludzu la munthu mmodzi limafunira. Tinakwatirana, ukwati wa mtchalitchi, iwo n'kumanga nyumba pamudzi pathu ngati mkamwini wina aliyense. Nkhoswe ya mbali yanga anali amalume omwewa. Nkhuku ya chinkhoswe anadya ndi iwo, nthutumba ndi ntchafu yomwe.

Kwawo amuna anga sanabwereko ndi kanthu. Analibe chithunzi cha amayi awo, analibe ngakhale supuni. Sukulu anangoilawa, kenako inatenthedwa. Chimene anatulukamo nacho ndi kuwerenga kuja, ndipo ankakukonda. Akamaika matumba a mpunga pakhonde umawamva, umu, doishi, tireshi. Akamasewera ndi mwana wathu woyamba, kamtsikana kolongolola koti kanali kasanayambe sukulu, ankagwira zala zake chimodzichimodzi n'kumawerenga choncho. Kamwanako kanakatula manambalawo kwa anzake a fulaye, masewera aja othawa mpira kwinaku ukudzaza mchenga m'botolo ndi kuwerenga. Atsikana a pamudzi pathu anawakonda kwambiri, chifukwa a mudzi wina akabwera sankadziwa kuti masewera afika pati, ndiye kuwabera kunali kosavuta.

Patatha sabata chigwidwireni woumba njerwa uja, anyamata a chingwe anayamba kung'ung'udza kuti atcheyamani akugwira a kutali kusiya wa m'nyumba mwawo. Amalume, poopa kuchotsedwa pa mpando umene anadzipatsa okha, analengeza kuti Loweruka mwamuna aliyense wa m'mudzi adutse pachingwe, ndipo wosabwera akamutenga kunyumba.

Ndinapita kwawo nditavala nkhope ya kutchalitchi, n'kugwada bwinobwino.

“Amalume, nanga akamwini anu aja zikhala bwanji?”

“Mphwanga,” anatero akuyang'ana kuphiri, “lamulo lilibe mkamwini.”

“Lamulo lake liti, amalume? Analemba ndani?”

“Iwe usandiphunzitse ntchito. Akawerenga bwino adutsa. Ine ndilibe naye chifukwa.”

Ndinadzuka osatsanzika. Mumtima ndinawatukwana mawu oti nditawalemba pano abusa angandiimitse mgonero ngakhale lero.

Ndinawauza amuna anga kuti akabisale kwa achemwali anga ku Malosa mpaka zinthu zitazizira. Anakana. Anati anathawa kamodzi ndipo kunawakwana. Ndiye panatsala njira imodzi, sukulu. Inali nyengo yowokera mpunga, choncho kalasi yathu inali m'dimba, madzi ali m'mawondo. Mbande iliyonse imene ankabzala ankaitchula nambala, ine ndili pambuyo ngati kapitawo. Wani mpaka faifi ankayenda ngati njinga yotsika mtunda. Sikisi ankamupeza movutikira. Koma seveni anali mdani wawo. Akafika pamenepo, seti ankatulukira yekha asanamuitane.

“Seveni, bambo inu. Se-ve-ni. N'chiyani chovuta pamenepa?”

“Se... seveni.”

“Yambiraninso. Mofulumira.”

Akafulumira, seti uja wabweranso. Ndinakalipa mpaka achule anakhala chete. Ndine munthu wa mtima wapachala, ndimavomera, ndipo mantha akandigwira amatulukira m'kamwa ngati ukali. Iwo ankangoseka, matope ali kumaso.

“Koma amayi,” anatero tsiku lina ataweramuka, “wani thuu wanuyu si wa azungu? Umu doishi wanganso ndi wa azungu. Azungu anu ndi azungu athu akusiyana pati?”

“Akusiyana pa lole,” ndinawayankha. “Bzalani.”

Sanasekenso tsiku limenelo. Ndinawamva akubwerezabwereza chapansipansi mpaka tinaweruka, seveni, seveni, seveni, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinayang'ana kumbali.

Loweruka linafika. Pa kamlatho panali mzere wa amuna, ena ndi njinga zonyamula matumba, ena ndi nkhuku m'khwapa, onse akudikira kuti awerengere anyamata amene ena mwa iwo anathawa sukulu asanafike sitandade fili. Amayi tinaima pambali ndi madengu athu, chifukwa amalume anati akazi alibe vuto, dziko lawo ndi la amuna awo. Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, atsikana ankasewera fulaye. Amalume anakhala pampando wa ndalema umene anachita kunyamulitsa kuchokera kunyumba, atavala jekete ngakhale kunkatentha.

Mkulu wa mpingo anawerenga mokweza ngati akulengeza nyimbo, n'kupitirira mpaka thwelofu kuti tidziwe kuti anaphunzira. Kenako panabwera nkhalamba ina ya kumtunda, munthu woti anabadwira pansi pa phiri lomweli ndipo sanapondepo m'kalasi. Anakhosomola n'kuyamba: “Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi...”

Anyamata anayang'anana. Zimenezi sizinali m'malamulo. Wina anapita kukanong'oneza amalume, n'kubwerera.

“Agogo, werengani Chimalawi.”

“Nanga chimenechi n'Chiyani?”

“Ayi, Chimalawi chenicheni. Wani, thuu.”

Nkhalambayo inawayang'ana, kenako inakweza mwendo n'kudumpha chingwe, n'kumapita. Palibe anaitsatira. Anthu anaseka chamumtima, koma ine kuseka sikunabwere, chifukwa wotsatira anali amuna anga.

Anaima mowongoka, manja kumbuyo. Kamtsikana kathu kanali katagwira chitenje changa. Mnyamata amene ankafunsa anali wamtali, wa maso ofiira, yemwe uja akuti ndiye anayamba kumenya woumba njerwa. Anagogoda chibonga pansi.

“Tiyeni akamwini. Mofulumira.”

“Wani, thuu, fili, folo, faifi, sikisi...”

Anaima. Ndinaona milomo yawo ikukonzeka kunena chinthu cholakwika. Anameza malovu.

“Seveni. Eyiti, naini, teni.”

Amalume anatulutsa mpweya umene ndikukhulupirira anausunga kuyambira m'mawa. Anakweza dzanja kuti chingwe chitsitsidwe. Ine ndinali nditayamba kale kuthokoza Mulungu. Ndi pamene kamwana kathu kanasiya chitenje changa, n'kupita kutsogolo, manja m'chiuno, ndendende mmene ndimaimira ine ndikamakalipa.

“Ababa, mwalakwitsa. Si choncho. Amati umu, doishi, tireshi, kwaturu, sinku.”

Mawu ake anali omveka bwino, mwana wodya mpunga. Wa maso ofiira uja anamwetulira pang'onopang'ono, n'kunjuta kuti afanane naye msinkhu.

“Wakhoza, mwana wabwino. Anakuphunzitsa ndani?”

“Ababa anga,” kanatero monyadira, kakuloza ndi chala kuti pasakhale kukayika.

Ndabereka ana asanu, ndaikapo makolo onse awiri, koma mantha ngati a nthawi imeneyo sindinawamvepo. Ndinaona anyamata awiri ayamba kumasula chingwe kumtengo. Amuna anga sanathawe, sanatsutse. Anangoika dzanja pamutu pa mwana wawo, n'kumayang'ana pansi. Amalume anatuluka thukuta m'jekete muja, maso ali pa nsapato zawo, ndipo ndinadziwa kuti sanena kanthu. Akanalola kuti bambo wa ana anga akwere lole kusiyana ndi kutsika pampando wa ndalema.

Sindinganene kuti ndinaganiza. Maso anga anangogwera pa atsikana a fulaye aja, amene anali atasiya masewera kudzaonerera, ndipo patsogolo pawo panali mzime wa amalume, mwana amene ankamukonda kuposa maso awo. Ndinatula dengu pansi.

“Atsikana inu,” ndinaitana mokoma, “kamwanaka kaima pa sinku, kaiwala. Pambuyo pa sinku pamabwera chiyani?”

Mwana ukamufunsa chinthu chimene akuchidziwa sangachisunge. Anayankha onse pamodzi ngati m'kalasi: “Seishi, seti, oitu, novi, deshi!” Mzime wa amalume, pofuna kuonetsa kuti iye ndiye katswiri, anapitirira yekha, mokweza, mpaka vinti, makumi awiri athunthu, n'kumaliza ndi kakuvina pang'ono.

Ndinatembenukira kwa wa maso ofiira uja. “Achimwene, chingwecho chikwana? Apa obwera achuluka. Muyambe ndi uyu wafika pa vinti, akuoneka kuti ndiye wangofika kumene. Bambo ake ndi awo akhala apowo, muwafunse kuti analowera pati.”

Munthu wina pamzere anaphulika kuseka, kenako wina, kenako mzere wonse. Mayi wina anakuwa kuti mwana wake nayenso amutenge, akadye za boma. Ine sindinadikire kuti kusekako kuthe. Ndinapita pampando wa ndalema, n'kugwada mwaulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa, n'kuyankhula motsitsa, koma osati motsitsa kwambiri.

“Amalume, akapita nawo ine nditsatira. Akakandifunsa kuti munthuyu anamulandira ndani pamudzi, anamuloza ndani malo omanga nyumba, anadya ndani nkhuku, ine ndi wa mpingo, sindikanama. Wosunga wobwera kaya amamutani, inu ndi amene mukudziwa malamulo.” Ndinawonjezeranso kuti masiku ano kuli ufulu wachibadwidwe. Mawu amenewa ndinkangowamva pa wailesi, ndipo sindinkadziwa kuti amathera pati, koma ndinaona kuti amalume nawonso sakudziwa, ndipo anawaopa.

Anadzuka, n'kukonza jekete, n'kuimba wezulo ngakhale panalibe chifukwa.

“Tamverani. Mayesowa ndi a akuluakulu. Zimene anena anawa ndi nyimbo za fulaye, aliyense akudziwa. Akamwini awerenga bwino, tonse tamva seveni. Adutse.”

Wa maso ofiira anafuna kutsutsa, koma anthu anali atayamba kale kukankha njinga zawo, ndipo chingwe chinapondedwa m'fumbi. Amuna anga ananyamula mwana wawo n'kuwoloka. Titafika kumsewu kamwanako kanafunsa ngati kanalakwa. Bambo ake anati ayi, kanawerenga bwino kwambiri, kuposa iwo. Ine ndinangokhala pansi m'mbali mwa msewu, kondakitala wa minibasi n'kumandifunsa ngati ndikupita ku Zomba.

Chingwe chikasekedwa kamodzi sichiopsanso. Loweruka lotsatira amuna ankafika pa kamlatho n'kuyamba okha umu, doishi, asanafunsidwe, ena mpaka kuvula chipewa. Ana akaona amalume akudutsa ankabisala m'chimanga n'kumakuwa kuti doishi, ndipo mawuwo anawamatirira mpaka ukalamba wawo. Pofika nthawi yomweta mpunga anyamata aja anali atabalalika, wina ku Naisi kukaitanira minibasi, ena kumaganyu. Chingwe chinathera pakhosi pa mbuzi ya akazi awo a amalume. Amalumewo anakhala miyezi osandiyankhula, kenako anabwera okha tsiku lina atamva kuti ndaphika kalongonda.

Amuna anga sanawerengenso Chipwitikizi mokweza, ngakhale m'nyumba. Matumba a mpunga ankawawerenga wani, thuu, ndipo ana athu obadwa pambuyo sanagwiridwepo zala ndi umu, doishi. Ndinawauza kangapo kuti zinatha, palibe angawagwire. Ankangoti azolowera. Mpaka lero akafika pa sikisi amaima pang'ono, milomo imagwedera, kenako n'kunena seveni.

Ine nkhaniyi ndinaikonda, ndisaname. Ndinkaifotokoza paliponse, kumjigo, kumaliro, kudimba, ndipo ulendo uliwonse mawu anga kwa amalume ankakula. Tsiku lina ndinali kuchigayo, pamzere wa amayi, ndikuifotokozanso. Ndinatengera mmene mzime wa amalume anavinira pa vinti, amayi n'kumagwirana mapewa ndi kuseka. Nditacheuka ndinaona mnzanga uja wa benchi imodzi, mkazi wa woumba njerwa. Anali atagayitsa kale, akumanga kathumba ka ufa wochepa, mwana wamng'ono kumbuyo, wamkulu atagwira chitenje. Kuyambira tsiku limene anatenga mwamuna wake sanamve chilichonse, kaya anafika, kaya ali moyo. Anamvetsera nkhani yanga yonse mpaka kumapeto, ndipo sanakwiye.

“Munachita bwino, achemwali,” anatero akusenza kathumba kake. “Wanganso ankawerenga bwino, anafika pa faifi. Kungoti analibe amalume.”

Anatuluka, mwana wamkulu uja akumutsatira pambuyo.